Mlendo wa Zaka Ziwiri m'Dziko la Mfumu Bundabunda

Masabata atatu apitawo tinalandira kalata yocokera kwa mkulu wina wa ku Chinyunyu, m'dziko la Mfumu Bundabunda. Makalata ambiri amene afika kuno amapempha nyimbo, kapena kupereka moni kwa abale amene ali kutali. Koma iyi inali ndi funso, ndipo funsolo landigoneka mocedwa masiku angapo. Mkuluyo akuti: anyamata ndi asungwana aja a kutsidya la nyanja, amene amadza kudzakhala nafe m'midzi, nadya nsima yathu, naphunzira cinenero cathu, nakhetsa misozi tsiku lotsazika, kodi tiwache abwenzi athu, kapena ndi anthu a nchito cabe otumidwa ndi Boma la kwao? Akuti anafunsa ana ace ophunzira, koma iwo anangomseka.

Ine sindikusekani, bambo. Funso lanu ndi lakale kuposa anyamata amene muwanena, ndipo pofunafuna yankho lace ndinayenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 100. Tsono ndipempha kuti mudekhe mtima, tiyende pang'onopang'ono.

Poyamba ndilongosole malowo, pakuti ena a inu muli ku Chipata, ku Lilongwe kapena ku Tete, ndipo simunapondeko. Mukacoka mu Lusaka ndi mseu waukulu wa kum'mawa, Great East Road, mufika pa Chongwe mutayenda makilomita 45. Mukapitirira, dziko liyamba mapiri, ndipo musanafike ku Rufunsa mupeza Chinyunyu, pamene madzi atumphuka pansi pafupi ndi mseu ali otentha, kotero kuti munthu sangathe kusungamo dzanja. Limenelo ndilo dziko la Mfumu Bundabunda, imodzi ya mafumu a Asoli pamodzi ndi Mfumu Yaikulu Nkomeshya, Mfumu Mpanshya ndi Mfumu Shikabeta. Kwa zaka zambiri dziko lonseli linali pansi pa boma la Chongwe. Pa nthawi ya Purezidenti Michael Sata anadulako mbali ya kum'mawa napanga boma la Rufunsa. Koma anthu ace ndi amodzi, ndipo alendo amene anafika ku Chinyunyu anadzera njira yomweyo ya Chongwe. Cifukwa cace ndidzachula Kasisi ndi Chalimbana monga malo a pakhomo pomwe.

Makolo athu, Asoli, Ansenga ndi Acewa omwe, anali kusiyanitsa bwino mlendo ndi bwenzi. Mlendo ndi mame, anatero. Mamawa uwaona pa udzu, dzuwa likakwera palibe. Mlendo umpatsa madzi, umphera nkhuku ngati iripo, upita naye kwa nyakwawa kuti mudzi udziwe munthu amene wagonamo, ndipo kutaca umperekeza kufikira pa mphambano. Pamenepo zatha, alibe nawe mangawa. Cibwenzi cinali colemera kuposa apo. Munthu ankasankha mnzace wa mudzi wina, kawirikawiri wa mtundu wina, namtumizira mphatso, khasu kapena nkhuku kapena mcere. Winayo sanali kubweza tsiku lomwelo, pakuti kutero ndi malonda. Koma patapita miyezi ananyamuka yekha ndi mphatso yace kukaona pamene mnzace agona, nadya nsima ya mkazi wa mnzaceyo, nadziwa maina a ana. Kuyambira tsiku limenelo maliro a kuno anali maliro a uko, ndipo njala ikagwa mbali imodzi, dengu linacokera mbali inayo. Akulu pofuna kudziwa ngati cibwenzi ciri camoyo anali kuyang'ana njira ya pakati pa midzi iwiriyo, ngati mapazi apondamo aloza mbali zonse ziwiri. Anali nalonso dzina la cibwenzi conama: cibwenzi ca nkhwangwa, cokoma pokwera. Munthu akatha kudula nthambi zimene anakwerera mumtengo, nkhwangwa aiponya pansi, iye natsika bwinobwino.

Sungani muyeso umenewu m'mtima, cifukwa ndiwo ndidzayesera nao alendo onse amene atsatira.

Azungu oyamba amene anakhazikika m'dziko la Asoli sanadzere cibwenzi. Njanji inafika mu 1905, ndipo kasiteshoni kena kanachedwa dzina la nyakwawa ya pafupipo, Lusaaka. M'mbuyo mwa njanji munadza alimi acizungu, natenga nthaka yabwino ya m'mbali mwace. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 Boma la atsamunda linadula malo pamene anthu akuda anayenera kukhala, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa. Mu 1935 likulu la dziko linacoka ku Livingstone nkudza ku Lusaka, ndipo eni nthaka anadzipeza ali kunja kwa mpanda, naonera mzinda ulikukula pa minda ya makolo ao. Tsono mukaona nkhalamba ya ku Chinyunyu iri kuyang'ana m'manja mwa mlendo isanayang'ane nkhope yace, musati ndi nkhalamba youma mtima. Iri kukumbukira.

Koma m'caka comweco ca 1905 kunadza mlendo wa mtundu wina. Bambo Jules Torrend, wansembe wa gulu la Ajezuiti wa ku France, anamanga mishoni pa Kasisi. Munthu ameneyu anali ndi njala ya zinenero. Anali kukhala pansi ndi akulu, nalemba nthano ndi mau ao monga anawamva. Ndipo dzina lakuti Bantu Botatwe, ndiko kunena anthu atatu, limene ophunzira achula nalo Citonga, Ciila, Cilenje ndi zinenero za pacibale pao monga Cisoli, linachuka ndi mabuku ace. Mu 1926 pa Kasisi panatsegulidwa nyumba ya ana amasiye, ndipo mu 1928 panafika masisitere a ku Poland kudzaisunga. Anzao ena a ku Poland komweko, a gulu lina, ndiwo anadzagwira nchito pa cipatala ca St Luke's ku Mpanshya. Ine ndinaphunzira pa sukulu ya mishoni, ndipo sindidzakunamizani kuti amishoni anadza opanda colinga cao. Anafuna kutitembenuza, ndipo zina za makolo zimene anaziletsa sizinali zoipa konse. Koma cimodzi ndiwacitira umboni: ambiri a iwo anadza osaganiza zobwerera. Anakalamba pakati pathu, anaika akufa athu, ifenso tinaika akufa ao. Mlendo wotere mame samuyeneranso. Asanduka mnansi, ndipo mnansi ungakangane naye lero, mawa mukumana pa citsime.

Pali cinanso cimene ambiri aiwala. Mu 1939 sukulu ya aphunzitsi yochedwa Jeanes School inasamuka ku Mazabuka nkudza pa Chalimbana. Dzinalo ndi la mai wina wa ku Philadelphia, Anna Jeanes, amene mu 1907 anapereka cuma cace kuthandiza masukulu a anthu akuda a kumidzi ku America. Pa Chalimbana mphunzitsi anali kudza ndi mkazi wace, nakhala m'kamudzi ka citsanzo. Mwamuna naphunzira zaulimi, zomanga ndi zaukhondo, mkazi naphunzira zosoka ndi kasamalidwe ka ana. Atatsiriza anatumidwa kuyendera masukulu ndi midzi. Ndiye kuti munthu woyamba kuzungulira midzi yathu kulalikira za cimbudzi ndi dimba la ndiwo anali munthu wakuda mnzathu, zaka zambiri mnyamata wa ku America asanakwere njinga yace. Ndinena izi kuti tisamayese kuti nzeru zonse zinatsika m'ndege.

Mlendo amene mkulu wa ku Chinyunyu afunsa za iye anabadwa itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Mu 1958 Mngerezi wina, Alec Dickson, pamodzi ndi mkazi wace Mora, anayamba bungwe la VSO, natumiza anyamata ongotsiriza sukulu kukathandiza m'maiko akutali kwa caka cimodzi asanalowe ku yunivesite; ndipo Northern Rhodesia linali limodzi la maiko oyamba kuwalandira. Mu 1961 Purezidenti John Kennedy anakhazikitsa Peace Corps, imene inafika ku Nyasaland mu 1963, koma kuno ku Zambia inacedwa kufikira 1994. A ku Japan anayamba gulu lao la acinyamata odzipereka mu 1965, ndipo oyamba anafika kuno mu 1970, ena a iwo kudzaphunzitsa apolisi judo, ndiko kugwetsana kwa kwao. Sitiyenera kubisa kuti maboma amene anawatuma anali ndi zifukwa zao. Inali nthawi imene America ndi Russia anali kulimbirana mitima ya maiko ongolandira ufulu, ndipo mnyamata waulemu wokhala m'nyumba ya udzu anali kazembe wochipa kuposa akazembe onse. Koma mnyamata mwini wace kawirikawiri sanali kuganiza za Russia. Anali kuganiza za mimba yace imene inakana madzi a m'citsime, ndi za ana amene anamzinga pakhomo kuyambira mbandakuca.

Akulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nthawi zina zinaterodi. Amene munali ku Malawi cakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mukumbukira mnyamata wa Peace Corps, Jack Allison, amene anapeka nyimbo m'Cicewa zophunzitsa amai kuthira ufa wa mtedza m'phala la ana, ndipo nyimbozo zinamveka pa wailesi dziko lonse. Koma onani bwino kumene kalumoko kananoledwa. Cinenero anaciphunzira kwa anthu a m'mudzi, mtedza unali m'nkhokwe zao kale, ndipo oimba naye anali Amalawi.

Za kalumo komweko pali nkhani ya pafupi ndi kwathu. Mu 1971 kunafika ku Zambia Mjezuiti wa ku Canada, Brother Paul Desmarais, mwana wa mlimi, wophunzira zaulimi ku yunivesite. Mu 1974 anatsegula sukulu ya alimi pa Kasisi, ndipo poyamba anaphunzitsa monga alimira kwao: feteleza wa m'sitoro, mankhwala ophera tizirombo, mbeu zogula. Patapita zaka anaona kuti ophunzira ace akabwerera kwao amira m'ngongole, pakuti zokolola sizinali kubweza ndalama zimene zinalowa m'munda. Cakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 sukuluyo inatembenuka niyamba kuphunzitsa ulimi wa manyowa, kusinthanitsa mbeu ndi kubzala mitengo yobwezera conde, ndipo inadzachuka nazo m'maiko ambiri. Zina za izo agogo athu anali kuzicita osazilemba m'buku. Ine ndilemekeza munthu ameneyu kaamba ka kusintha kwaceko kuposa kaamba ka madigiri ace. Komatu ndifunsa, akanakhala wa zaka ziwiri cabe, akanaipeza kuti nthawi yakuona kulakwa kwace? Akanapita kwao ali wokondwa, nasiya ngongole m'mbuyo.

Ndisanapitirire ndichule alendo ena amene sanadze ndi mphatso iri yonse, koma ndiwo anatidyera zambiri. M'zaka za m'ma 1970 dziko lino linasunga abale athu a ku Zimbabwe omenyera ufulu, ndipo misasa yao ina inali m'thengo la kufupi ndi Lusaka. Pa 19 October 1978 ndege za asilikari a Ian Smith zinaphulitsa msasa wa ku Chikumbi, ndipo anafa anthu mazana. Mwezi womwewo ku Mkushi tinataya Alick Nkhata, woimba ndi muulutsi amene mau ace analera wailesi ya dziko lino. Mu November 1979 anaphwanya ulalo wa pa mtsinje wa Chongwe, ndipo anthu a kwa Bundabunda, a kwa Mpanshya ndi onse a kum'mawa anadulidwa njira ya ku Lusaka. Wina akadzakuuzani kuti anthu a m'midzi iyi adziwa kulandira kokha, mumkumbutse za ulalo umenewo.

Nkhondo itatha, alendo anayamba kudza ndi mapulojekiti. Mu 1988 Boma linatsegula malo a Kanakantapa kuti acinyamata osowa nchito m'tauni akalime, ndipo dziko la Japan linathandizapo. Mu 2002 bungwe la JICA pamodzi ndi unduna wa zaulimi anayamba nchito yochedwa PaViDIA, ndipo boma la Chongwe ndilo linali poyambira. Nzeru yace inali yakuti anthu a m'mudzi akhale pansi ndi mlangizi wao, asankhe okha cimene afuna kucita ndi thandizo, kaya ng'ombe zolimira, kaya mbuzi, kaya nkhokwe ya mbeu. Nzeru yabwino ndithu. Koma pano ndiyenera kudzudzula mbali yathu. M'zaka zimenezi tinazolowera kuyesa mlendo ndi katundu wace. Galimoto yoyera ikaima pa sukulu, funso loyamba m'mudzi linali lakuti, watibweretsera ciani? Ana athu anaphunzira kutambasula dzanja asanaphunzire kupereka moni. Ndipo mnyamata wodzipereka akafika ndi njinga ndi cikwama cokha, nanena kuti iye alibe ndalama koma afuna kukumba nafe dziwe la nsomba, ena anacoka pa msonkhano nati mzungu uyu ndi wosauka. Nkhwangwa ija, abale anga, nafenso tidziwa kuiponya pansi.

Tsopano ndifike pa cimene mudzi upereka, cifukwa cimeneci sicilembedwa m'malipoti. Kwa zaka zingapo acinyamata a Peace Corps ongofika m'dziko anali kuphunzitsidwa pa Chalimbana, ndipo miyezi ya maphunziroyo anali kugona m'nyumba za anthu m'midzi yozungulira. Atatha apo aliyense anatumidwa ku mudzi wace kwa zaka ziwiri, ndipo nyumba yace, cimbudzi ndi mosambira anamanga ndi anthu a m'mudzimo. Kennedy anapatsa bungwe lace zolinga zitatu: kuthandiza maiko ndi anthu odziwa nchito, kuti maiko adziwe Aamerika, ndi kuti Aamerika adziwe anthu a maiko ena. Ganizirani cacitatuco. Sukulu imene Aamerika aphunziramo ndi khonde la amai a m'mudzi, ndipo mphunzitsi wace ndi maiyo.

Caka catha, pa ulendo wa nchito, ndinaceza ndi amai ena okalamba a m'dera limeneli amene anasungapo asungwana atatu acizungu, wina pambuyo pa mnzace. Anandikhazika pa mphasa nandionetsa zithunzi zosungidwa m'buku la nyimbo za ku chalici. Ndinawafunsa kuti, “Ambuya, munawaphunzitsa ciani ana amenewa?” Anaseka nati, “Mwana wanga, funsa cimene sindinawaphunzitse. Anafika ngati makanda. Kutema nsima osadziwa, kukoleza mbaula osadziwa, citenje cimangogwa. Woyamba uja anapatsa amfumu kapu ya madzi ali ciriri, ndi dzanja lamanzere. Ndinacita manyazi ngati ndambala ndine.” Anandiuza kuti a ku ofesi anali kuwapatsa kandalama ka zakudya, ndipo sanadandaule nako, koma usiku umene msungwana anadwala malungo iwo anacezera naye kufikira kunja kutayera, ndipo zimenezo palibe ofesi ingazilipire. Anawapatsa maina a kuno. Anawatenga ku maliro nawaonetsa pokhala akazi ndi pokhala amuna, ndi kuti pa maliro munthu safunsa mafunso. Mwa atatuwo, mmodzi analemba makalata awiri nakhala cete. Wina sanalembe konse. Koma wapakati aimba foni kufikira lero, ndipo pamene amuna ao a maiwo anamwalira anatumiza ndalama za bokosi, nalira pa foni monga mwana wa m'nyumba.

Mu March 2020, matenda a COVID-19 atabuka, Peace Corps inaitana anthu ace onse pa dziko lapansi, pafupifupi 7,000, kuti abwerere kwao, ndipo anacoka m'masiku owerengeka. Ambiri sanapeze ndi mpata wotsazika bwino. Sindiwaimba mlandu anawo. Lamulo linacokera ku Washington, ndipo kholo liri lonse likadaitana mwana wace. Ndiponso Zambia linali limodzi la maiko awiri oyamba kumene anabwererako mu March 2022. Koma masiku amenewo anaonetsa poyera kusiyana kumene timakubisa ndi nyimbo za pa phwando lolandirana: tsoka likagwa, mmodzi wa abwenzi awiriwa ali ndi ndege yomdikira, winayo atsala pamene ali.

Kodi tsono njira yopondedwa mbali zonse ziwiri siingatheke pakati pa mudzi wa kuno ndi mudzi wa kutsidya? Itheka, ndipo zitsanzo ziripo. Mu 1980 kunaturuka lipoti la Willy Brandt, amene anakhalapo mtsogoleri wa West Germany, lonena za phompho la pakati pa maiko olemera ndi osauka. Anthu a m'katauni ka Marlborough ku England ataliwerenga anapangana kufuna mudzi wa mu Africa wopalana nao cibwenzi, ndipo mu 1982 anagwirizana ndi Gunjur, mudzi wa asodzi Acisilamu m'mbali mwa nyanja ku Gambia. Cimene cinalimbitsa cibwenzi cao ndi cakuti maulendo anali obwezana: a ku Marlborough anakagona m'nyumba za a ku Gunjur, a ku Gunjur nadzagona m'nyumba za a ku Marlborough, naona ndi maso kuti Mzungu nayenso atsuka mbale, akangana ndi mkazi wace, ndipo nkhalamba zina za kumeneko zifa ndi kusungulumwa m'nyumba zokongola. Akristu a Anglican a kuno ali naco cibwenzi cotere ndi dayosizi ya Bath and Wells kuyambira 1978.

Citsanzo cimene cinandikhudza kwambiri ndi ca Marumori, tauni yaing'ono ya m'mapiri m'cigawo ca Miyagi ku Japan. Anthu ace ndi alimi, ambiri okalamba, ana ao anathawira m'mizinda monga athu athawira ku Lusaka. Mu 2011 cibvomezi cacikuru ndi ngozi ya pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, pafupi ndi kwao, zinawaonongera malonda a zokolola. Anthu amenewa, odziwa kubvutika, ndiwo anapalana cibwenzi ndi alimi a cigawo cino ca Lusaka, ndipo kuyambira 2016 nchitoyo inayenda ndi thandizo la JICA. Alangizi a zaulimi a kuno anapita ku Marumori nakhala pakati pa alimi, a ku Marumori nadza m'midzi ya kuno. Zimene anagawana sizinali za makina akulu ai. Zinali nzeru za pakhomo, monga kuumitsa zakudya kuti zifike nyengo ya njala, cimene amai athu acidziwa kale ndi dzina lakuti mfutso. Mu October 2019 namondwe anamiza Marumori napha anthu, ndipo amene anadyapo mpunga m'nyumba zimenezo anamva nkhaniyo monga uthenga wa maliro a pacibale. Tauniyo inalembedwanso kukhala ya cibwenzi ndi Zambia pa masewera a Olympics a ku Tokyo.

Komabe ndisakunamizeni kuti ulendo wobwezera ndi wapafupi. Mnyamata wa ku America kapena wa ku England alowa m'dziko lino mosabvuta. Mlimi wa ku Chinyunyu akafuna kukaona mnzaceyo ayenera pasipoti, ndalama za ndege zoposa zimene apeza pa cimanga ca caka cathunthu, ndi viza. Ndipo pa viza amfunsa mapepala a ku banki ndi umboni wakuti adzabwerera kwao. Munthu amene cuma cace ciri m'khola ndi m'nkhokwe adzaonetsa pepala lanji? Ndikaganiza za alendo aja a 1905, amene palibe anawafunsa tsiku lobwerera, ndimangopukusa mutu. Ndipo mpata ukapezeka, apita ndani? Kawirikawiri ndi wa mu ofesi, wodziwa Cingerezi, kapena mbale wa wolemba maina. Amene anatunga madzi a mlendo zaka ziwiri aperekeza ndi maso.

Tsono, bambo a ku Chinyunyu, yankho langa ndi ili. Ofesi imene ituma ana amenewa si bwenzi lanu, ndipo musaiyembekezere kucita za cibwenzi. Iri ndi malamulo ace, ndi zaka zace ziwiri. Mwanayo afika kwa inu ali mlendo, ndipo ambiri acoka ali alendo, osati kaamba ka kuipa mtima, koma cifukwa moyo wa kwao uwameza. Mwa iwo aturuka owerengeka amene asanduka abwenzi enieni, ndipo amenewo muwadziwa ndi maliro. Cimene ndingapemphe mafumu ndi nyakwawa ndi ici: pamene gulu la kutsidya lidza kunena kuti lifuna kupalana cibwenzi ndi mudzi wanu, musanachule za mjigo kapena malata a sukulu, funsani mwaulemu kuti, nanga ife tidzabwera liti kwanu, ndipo adzasankha opita ndani? Funso limenelo si lamwano, makolo akadalifunsa. Ndipo pa mwambo wa Chibwela Kumushi, pamene anthu a Mfumu Bundabunda akondwerera kubwerera kumudzi atatha kukolola, alendo asamangokhala pa mipando ya kutsogolo ndi makamera ao. Apatseni mtondo ndi munsi, alowe m'gule, afunsidwenso za miyambo ya kwao, pakuti nafenso tiri nayo njala yakudziwa.

Njala imeneyo ndinaiona mwa ambuya aja. Nditanyamuka kuti ndizipita anandiperekeza kufikira pa mseu, ali ndi cithunzi ca msungwana wapakati uja m'dzanja. Anandiuza kuti mwanayo anakwatiwa, ali ndi ana awiri, ndipo woyamba anamucha dzina lao. Ndinati, “Ambuya, ndiye kuti muli ndi mdzukulu ku America.” Anabvomera ndi mutu, nakhala cete pang'ono, kenaka anati, “Iye adziwa pamene ndisunga mcere, adziwa ndi mwala umene ndikhalira pophika. Koma ine sindidziwa khomo la amace liyang'ana kuti. Iwe woyenda ndi a wailesi, tandiuza, kodi kwaoko nkhuku zigona m'khola kapena m'mitengo?”

Basi ya ku Lusaka inatulukira pa phiri ndisanawayankhe, ndipo anandikankha kuti ndithamange ingandisiye.